Botolo Limene Mayi Feliya Sanataye

Mayi Feliya Chunga anatcheza kachasu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuseri kwa chigafa cha fodya cha amuna awo, kufupi ndi Chamama. Anthu ankati mphuno yawo sinama. Ankathira gaga wowira mumtsuko, n'kumata pakamwa ndi dothi, ndipo nthunzi inkatsata paipi yodutsa m'madzi ozizira mpaka kukadontha m'botolo. Madontho oyamba ankawanunkhiza kaye, kenako n'kuwataya pansi.

Chaka china mu Okutobala, anthu akuthirira nazale za fodya, kunatentha kwambiri moti gaga wawo anasasa ngati viniga. Anachita naye chisoni, n'kumutcheza chomwecho. Chimene chinayamba kudontha chinali chachilendo, chonunkhira ngati utoto wopaka m'zikhadabo. A Cornelius Nyirongo, mphunzitsi wa sayansi pasekondale yapafupi, ankadutsa pomwepo akukankha njinga. Mayi Feliya anawaitana kuti anunkhize.

“Mayi, chowawasa chija chakumana ndi mowa pamoto, ndiye zabala chinthu chachitatu,” anatero aphunzitsiwo. “N'chopepuka, chimathamangira kutsogolo pamodzi ndi zoipa zonse. M'mafakitale amachita dala zimenezi pofuna kuchotsa asidi m'madzi. Koma inu musamwetse munthu.”

Linadzaza botolo lathunthu. Mayi Feliya sanalitaye. Analipachika pamtanda m'chigafa, poganiza kuti azitsukira zilonda za ng'ombe.

Sabata yomweyo mchimwene wawo Simeon anabwera kuchokera ku Simlemba kudzathandiza kupanga mizere. Tsiku lina masana analowa m'chigafa kuthawa dzuwa, ndipo analipeza botolo lija. Patapita masiku awiri, atakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, anafunsa mofatsa:

“Achemwali, kodi nkhunguyi yachokera kuti?”

Kunalibe nkhungu.

Kuchipatala cha kuboma anamufunsa zonse zimene anamwa. Anavomera za botolo la m'chigafa, koma anati Lachisanu anamwanso mowa wina wopanda dzina, wogula m'zigubu pamsika. Dokotala anati maso sadzabwerera, ndipo anati sangathe kunena kuti wawapha ndi mowa uti. Mayi Feliya anapita kwa a Nyirongo kawiri konse kukafunsa ngati ndi botolo lawo lija limene linapha maso a Simeon. Ulendo wachiwiri aphunzitsiwo anavula magalasi, n'kuwayankha kuti:

“Ndikanati si lanu, ndikanakunamizani. Ndikanati ndi lanu, ndikanakunamizaninso.”

Kuyambira pamenepo Mayi Feliya sanatchezenso. Mtsuko uja lero amasungiramo nyemba zambewu, ndipo iwo amagulitsa matimati pamsika wa Chamama. Simeon sanabwererenso ku Simlemba. Mkazi wake anapita kwawo ndi ana, iye anatsalira pakhomo pa achemwali akewo. Sanawanenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi, ndipo Mayi Feliya amati zimenezi ndiye zimawapweteka koposa.

Nyengo ya fodya ikafika, Simeon amakhala pamphasa m'chigafa n'kumasoka masamba, zala zikuyenda zokha, ndipo amathamanga kuposa openya. Nthawi zina Mayi Feliya amalowa osalankhula, osaponda mwamphamvu, n'kuima patsogolo pake. Amakweza dzanja, n'kulidutsitsa pang'onopang'ono pankhope pake, maso ali pa maso akewo.

Simeon sasiya kusoka.

“Ndakumvani, achemwali,” amatero. “Pitani, matimati akuwonongeka padzuwa.”