Ndinaimitsa Bandi ya Rock Kuti Ndisinthe Tepi

Ntchito ya kanema inandipeza ndili ndi tsitsi la munthu m'manja. Ndinali nditangofika ku Cape Town mu 2009, ndikuluka m'kontena ina pafupi ndi renki ya mateksi ya ku Bellville, zala zikuchita kuwawa mpaka m'mapewa. Kasitomala wanga wina, mayi wa ku Rumphi, anandiuza kuti amuna awo, a Mhango, akufuna munthu wowanyamulira zikwama akamajambula maukwati a Amalawi. Ndinavomera ndisanamalize n'komwe mzere umene ndinkaluka.

A Mhango anali munthu wa mawu ochepa koma obaya. Kamera yawo inali ya timatepi tating'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kamodzi kankadzaza pakatha ola. Anandiphunzitsa kuimika miyendo itatu ya kamera, kuionetsa pepala loyera kuti mitundu ituluke bwino, kuyang'anira kamzere ka mawu kuti kasafike pofiira, ndiponso kusunga batire yachiwiri m'thumba la siketi, osati m'chikwama. "Zoom si chidole, achemwali," ankatero ndikamangokokera chithunzi pafupi n'kuchibweza. "Muwazunguza mitu anthu kumudzi." Makanema athu ambiri ankakwera basi kupita ku Malawi, kwa makolo amene sanathe kubwera.

Paukwati wa kwathu, wakanema amamveredwa kuposa abusa. Tepi ikamatha umangokweza dzanja, woyendetsa mwambo n'kuimitsa nyimbo, mkwati n'kuima chilili ndi mpeni pakeke mpaka usinthe. Palibe amene amadandaula, chifukwa aliyense amadziwa kuti chimene sichinalowe mu kamera, kumudzi sichinachitike. Ine ndinkangoti dziko lonse limayenda choncho.

Mayi Mhango ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Parklands, kwa mzungu wina dzina lake Elna. Mwamuna wa mzunguyo, a Kobus, anali woimba ng'oma m'bandi ya rock, ya phokoso logonthetsa m'khutu ija, imene anaiyambitsa ndi anzawo ali anyamata. Tsopano onse anali ndi imvi, ndipo a Kobus anali chigonere, khansa itawamaliza. Anzawo anakonza zoimba komaliza Loweruka lina masana, pabwalo la anthu a njinga zamoto kunja kwa tauni, ndi woimba ng'oma wobwereka. Mayi Elna ankafuna kanema woti amuna awo akaonere pabedi, ndiye anapempha a Mhango kudzera mwa akazi awo. Mwatsoka tsiku lomwelo a Mhango anali ndi ukwati wa mwana wa abusa, womwe sakanayerekeza kuukana, choncho anandipatsa kamera yakale n'kunena kuti ndipite ndekha.

Mayi Elna anandiimbira foni m'mawa. "Ine sindibwera, sindingamusiye yekha. Pali nyimbo imodzi imene Kobus anapeka. Zina zonse ukhoza kuphonya, koma imeneyo ayi." Anandiuzanso kuti pakati padzakhala kupuma, ndidzasinthe tepi pamenepo.

Nditafika pabwalopo mtima unandithawa. Madoda a ndevu zofika pachifuwa, majekete achikopa, zigaza za anthu akufa zojambulidwa pamalaya, njinga zikubangula. Ine mwana wa mayi wa Mvano, ndinakumbukira nkhani zonse za satana zimene tinkaopsezana kusukulu. Wakuda ndinalipo ine ndi anyamata ootcha soseji basi. Ndinapemphera chamumtima, n'kuimika kamera pambali pa tebulo la wosakaniza mawu, pakati pa bwalo.

Atangokhudza magitala, kamzere ka mawu kanathamangira pofiira n'kukakamira pomwepo. Ndinatsitsa maikolofoni mpaka pansi, ndikuikulunga ndi sokosi chifukwa cha mphepo ija ya ku Cape imene imaulutsa ndi madengu omwe. Nthaka inkanjenjemera, chithunzi n'kumanjenjemeranso, moti ndinakumbatira mwendo umodzi wa kamera ngati ndagwira mbuzi yofuna kuthawa. Koma ndinene chilungamo, akuluakulu aja ankaimba. Wagitala wina ankatsimphina, woimba wamkulu anali ndi mimba ngati amalume anga, koma akatsegula pakamwa tsitsi linkandiyimirira.

Kupuma kuja sikunabwere. Mitambo inali itayamba kuda, ndipo iwo poopa mvula anangopitiriza, nyimbo iyi ikulowa mwa inzake popanda ndi mpata womezera malovu. Kachizindikiro ka tepi kanayamba kuphethira. Kamera yakale ija chitseko cha tepi chinali kunsi, kutanthauza kuti umayenera kuimasula kaye pamiyendo, kutulutsa, kulowetsa, kudikira kuti imeze, n'kuimanganso. Ndinkangoti nyimbo ino ikatha ndisintha. Ndiye ikutha, woimba wamkulu anakweza botolo la madzi m'mwamba n'kunena kuti, "Iyi ndi ya Kobus." Khamu linakuwa, ng'oma zinayamba, ndipo tepi yanga inali itatsala kachidutswa koti sikakanafika n'pakati pomwe.

Sindinaganize. Ndinakweza dzanja monga mwa nthawi zonse. Palibe anaona. Ndinazula kamera ndi miyendo yake yomwe, ndikudzipanikiza pakati pa misana ya zikopa ija, ndikuti pepani, pepani, m'Chichewa, mpaka ndinakafika kutsogolo kwenikweni kwa siteji. Pamenepo ndinakweza manja, n'kukuwa kuti aime.

Woimba ng'oma ndi amene anayamba kusokonezeka, kenako magitala anazima limodzi ndi limodzi. Chete amene anagwa pamenepo sindidzamuiwala. Kenako kunayamba kuwowoza. Chitini cha mowa chinandimenya paphewa, bambo wina wa chitetezo anandigwira mkono mpaka ndinamva fupa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kuno si kuukwati.

Woimba wamkulu anawerama, thukuta likudontha m'ndevu. "Iwe ndiwe ndani? Wapenga?"

"Andituma Mayi Elna," ndinatero m'Chingerezi changa chothyokathyoka. "Tepi yatha. A Kobus saiona nyimboyi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikungoona nsapato zake. Kenako anaimirira n'kugwira maikolofoni. "Musiyeni. Kobus sanafike. Timudikira."

Ndinagwada pa udzu, n'kung'amba pulasitiki ya tepi yatsopano ndi mano. Kamera inameza tepi mwaulesi ngati ikuchitira dala. Anthu onse aja anali duu, kungomveka mphepo ikuwomba masipika. Nditaimanga n'kudina batani lofiira, ndinakweza chala. Mdala uja sanayambe kuimba nthawi yomweyo. Anabwera pafupi, n'kusuzumira m'diso la kamera, anzake atamuzungulira kumbuyo. "Kobus, m'bale wanga, ulipo?" Anadikira pang'ono, ngati munthu amene akumvetsera yankho, kenako anagwedezera mutu woimba ng'oma. Nyimbo yonse ndinaijambula ndikulira, madontho oyamba a mvula akundigwera pakhosi.

A Mhango atamva anagwira mutu. "Achemwali, you stopped a whole show? Akanakupondani anthu aja!" Anandikalipira njira yonse yopita ku Parklands, komabe chimbale anakapereka okha, atavala jekete.

Patapita masabata angapo Mayi Elna anandiitanitsa. A Kobus anali atamwalira. Anandikhazika pakhonde n'kundiuza kuti masiku omalizawo amuna awo sankalankhulanso, ngakhale kupempha madzi. Koma atawaikira kanema uja, mnzawo atafunsa kuti ulipo, anadzikoka pa pilo n'kuyankha TV mokweza kuti, "Ndilipo." Anati amenewo ndiwo mawu omaliza amene anawamva bwinobwino.

Lero ndili ndi kamera yangayanga, ya khadi, yosafuna tepi, ndipo sindingalangize munthu kuti akaimitse bandi pamaso pa anthu oledzera. Koma ndikamaphunzitsa ena ntchitoyi, ndisanawaonetse batani lililonse ndimawauza kuti ayambe afunsa kuti ndani amene sadzatha kubwera, chifukwa bwana wathu weniweni ndi ameneyo.