Masamba Amene Chiswe Chinadya

Bambo Wilbroad Mukela anatsika basi pa Petauke m'chaka cha 1969 ali ndi sutikesi imodzi, mataye awiri ndi chikhulupiriro chakuti pakatha zaka zitatu adzabwerera kwawo ku Mongu. Boma linali litanena kuti dziko ndi limodzi, choncho Mlozi ngati iwo akaphunzitse ana a Ansenga. Zaka zitatuzo zinaswana ngati mbewa. Pofika 1986 mataye aja anali akumanga chitseko cha khola la nkhuku, ndipo a Mukela anali akadali pa sekondale yomweyo, akuphunzitsa ana a Giredi 12 mabuku a nkhani a Chingerezi.

Anali munthu wa lamulo limodzi, koma lamulolo ankalikakamira ngati nkhupakupa. Mwana akalemba m'chimangirizo kuti mlimi wa m'bukumo anali wouma mtima, iwo ankazunguliza mawuwo ndi inki yofiira.

"Wakuuza ndani?" ankafunsa. "Mfundo ilibe mboni ni miseche cabe. Leta mau a m'buku, na peji yake."

Lamulo linali labwino, koma mabukuwo ndiye kunalibe. Zinali zaka zija zoima pa mzere kufuna sopo ndi shuga, ndiye ndani akanalirira buku? Sukulu inalandira asanu ndi limodzi oti agawane ana makumi anayi. Awiri anamera miyendo, limodzi linapita ndi mphunzitsi amene anasamutsidwa, ena awiri anathera m'manja mwa ana. Lotsalalo a Mukela analitsekera m'kabati pa tchuthi cha dzinja kuti lisabedwe. Akuba sanabweredi. Chinabwera ndi chiswe, n'kudya kuyambira tsamba 60 kufika 130, pamtima penipeni pa nkhani.

Analemba makalata atatu kwa akuluakulu. Yankho linabwera limodzi, lonena kuti nkhani yawo ikuganiziridwa.

Nanga akanatani? Bukulo anali ataliwerenga kasanu ndi kawiri, ndipo ankaukhulupirira mutu wawo. Anayamba kulemba pa bolodi mawu a m'masamba odyedwawo mmene ankawakumbukirira, ndi manambala a masamba omwe. Ana ankakopera n'kuloweza. Panali mawu ena amene ana onse anawakonda, onenedwa ndi mayi wa mlimi uja pa tsamba 94. M'chinenero chathu tingati: njala imalowa m'nyumba ngati mlendo, n'kutsalamo ngati mwini. Ana a alimi sankafuna wowamasulira zimenezo.

Amene ankaloweza koposa onse anali Eneless Njobvu wa kwa Nyalugwe. Amalume ake anali atamupatsa mwayi umodzi wokha: akakhoza bwino maphunziro asanu apite ku sukulu ya unamwino, akapanda kutero pali bambo wina wa chigayo amene wadikira kokwanira kuti amukwatire. Anayi Eneless anali nawo m'manja. Phunziro lachisanu linali la a Mukela. Iwo anamuuza kuti asade nkhawa, bola alembe zimene anamupatsa.

Mu Disembala chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, a Mukela anaitanidwa ku Lusaka kukachonga nawo mayeso. Anabwereka taye, napita ali wonyadira pang'ono, ngati munthu amene wakumbukiridwa mochedwa.

Ankachongera m'holo yotentha, aphunzitsi asanu ndi atatu pa tebulo. Pa mapepala sipankalembedwa dzina la sukulu, koma nambala chabe. Tsiku lachitatu mtsogoleri wa tebulo lawo, Mayi Doris Sitali, anagwetsa cholembera.

"Imwe, tamvelani izi. Pepala ya namba twente manje, onse mau amodzimodzi: njala mlendo, njala mwini, peji 94. Nasakila kuyambila dzulo. M'buku mulibe."

"Ni kubela uko," anatero mphunzitsi wina. "Munthu anawalembela. Ma lizauti ya sukulu yonse yagwilidwe."

A Mukela anatambasula dzanja. Anapempha bukulo, lathunthu, lonunkhira utsopano. Pa tsamba 94 mlimi anali kukhomera khasu mu mpini. Mayi ake panalibe, njala panalibe. Anzawo atapita kukadya, iwo anatsala akutembenuza masamba aja limodzilimodzi. Mwa mawu khumi ndi amodzi amene anawalemba pa bolodi, anayi okha ndiwo anali oona. Ena anali opindika, ndipo okondedwa aja sanali paliponse. Mpaka lero sadziwa kumene anawatola. Mwina anawamva pa mzere wa ufa, mwina anangophuka okha m'mutu mwa munthu wotopa.

Palibe pa tebulopo amene ankadziwa kuti nambala ya pa mapepala aja inali ya sukulu yawo. Akanatha kukhala chete, ndipo tisanamizane, anakhaladi chete mpaka dzuwa litapendeka. Kenaka anaimirira.

"Amai Sitali, ana awo sanabele. Ni ana anga. Mau awo ninawapatsa ndine."

Anafotokoza za kabati ndi chiswe. Wina anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'khosi, chifukwa aliyense pamenepo anali ndi kabati yakeyake kumene anachokera. Mayi Sitali anapita nayo nkhaniyo kwa akuluakulu, nabwera madzulo nkhope ili yolemera.

"Ma lizauti sazagwilidwa, bambo. Koma mau yamene mulibe m'buku sitingapatse malikisi. Nayesa kukamba, akana."

A Mukela anapatsidwa tikiti ya basi kuchonga kusanathe. Ulendo wonse wa mseu wautali uja, kudutsa Luangwa, kudutsa Nyimba, ankangoganiza chinthu chimodzi: mwana waulesi amene analoweza pang'ono wataya pang'ono, koma wakhama amene anameza zonse ndiye wataya zambiri. Mtima unkawawa, ndipo analibe womukalipira koma iwo eni.

Zotsatira zinakhomedwa pa chitseko cha ofesi mu Malichi. Patapita sabata Eneless anabwera, atavala chitenje, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Anawapeza a Mukela pansi pa mtengo wa mango, nagwada chapatali. Maphunziro anayi aja anakhoza. Pa lachisanu pankafunika sikisi, iye anatsikira pa seveni.

"Aticha, nabwela cabe kufunsa," anatero motsitsa mawu. "Ninalemba vonse vamene munatipatsa. Sininasiye olo liu limodzi. Nanga ninalakwa pati?"

Akanakonda mwanayo akanawatukwana. Anamuuza zonse, osabisa kanthu, ndipo Eneless anamvetsera maso ali pansi, akuthothola udzu ndi zala.

"Sunalakwe iwe, mwana wanga. Mawa nizakwela basi, tipite tonse kwa Nyalugwe. Nizawauza amalume ako na pakamwa panga kuti mlandu ni wanga. Akupatse caka cina ulembenso."

Eneless anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Musazivutitse, aticha. Anamaliza kale kukambilana na bambo wa cigayo pa Sande."

Anawomba m'manja mwaulemu, nanyamula nsapato zake. A Mukela anamuyang'ana mpaka anakhota pa geti. Belu linalira, iwo osalimva, ndipo ana a chaka chatsopano anadikira m'kalasi nthawi yonseyo makope ali otsegula.