Kuyambira pa Mlatho Kukafika pa Njanji

Ku Ndirande kuli anthu ena oti ukawapeza akuseka umayamba wafunsa ngati kunyumba kwawo kuli bwino. A Willard Nampinga anali mmodzi wa anthu oterewa. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, woonda, wa malaya opisira nthawi zonse, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ankadula mapepala pa makina ku kampani ina yosindikiza mabuku ku Makata. Bawo sankasewera. Mpira sankaonera, moti anzawo akamakangana za matimu pa nthawi ya nkhomaliro, iwo ankangosenda mbatata yawo akuyang'ana khoma. Bambo awo, amene anabwera mu Blantyre kuchokera ku Phalombe atasenza mphasa ndi khasu, anawalera ndi mawu akuti mwamuna wamkulu akamaseka kwambiri ndiye kuti ntchito yamuchepera. Ana a ku Goliyo, kumene ankakhala, akawaona akubwera ankatola mpira wawo wachikulunga n'kuima pambali mpaka adutse, ngakhale kuti a Nampinga anali asanakalipirepo mwana wa munthu.

Komabe munthuyu anali ndi masewera ake, ndipo anawasewera zaka zisanu ndi zinayi mpingo osadziwa.

M'mawa uliwonse Ndirande imakhuthukira mumsewu. Anthu mazanamazana amatsika wapansi kupita ku Makata, ku Ginnery Corner ndi m'tauni, chifukwa ya minibasi ndi ya ndiwo sizikwanirana m'thumba limodzi. A Nampinga ankanyamuka kota tu sikisi, kakontena ka mbatata kali m'manja. Tsiku lina m'nyengo yozizira, atafika pa mlatho wa Nasolo, anaona tsidya lina la msewu bambo wina wamfupi, wovala mzuli woyera ngati umene Asilamu amavala, akuyenda mofanana nawo phazi ndi phazi. A Nampinga sankakonda kufanana ndi munthu, choncho anawonjezera liwiro pang'ono. Wamfupi uja nayenso anaoneka ngati wawonjezera. Anatsika choncho msewu wonse, wina uku wina uko, minibasi zikudutsa pakati. Pofika pa njanji, pamene a Nampinga ankakhotera kumanzere kulowa kanjira ka kuntchito kwawo, wamfupi uja anali atawasiya ndi mapazi asanu, ndipo akuwoloka njanjiyo anakweza dzanja n'kukonza mzuli wake. Tsiku limenelo mapepala anadulidwa ndi munthu wokwiya.

Mawa lake anakumananso pa mlatho pomwepo, ndipo ulendo uwu woyamba kuponda njanji anali a Nampinga. Anadabwa kumva mtima wawo ukuchita ngati wa mwana amene wachinya chigoli. Dzina la mnzawoyo sankalidziwa, choncho mumtima anangomutcha Wamzuli.

Malamulo anabwera okha, kapena tinene kuti a Nampinga anawapanga okha n'kuona kuti winayo sakuwaphwanya. Kuthamanga kunali koletsedwa, poti munthu wamkulu akathamanga mumsewu wa ku Ndirande anthu amayamba kufunsana kuti waba chiyani. Kuyang'anana kunali koletsedwanso, ankangoonerana m'mbali mwa diso. Pamsewu pakaikidwa masamba osonyeza maliro, onse ankayenda mwaulemu mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ndipo wofika pa njanji sankacheuka, kaya wapambana kaya wagonja. Wamzuli akapambana ankakonza mzuli. A Nampinga akapambana ankasamutsa kakontena kuchoka kudzanja lamanzere kupita kulamanja, basi, nkhope ili gwa ngati akupita kukaweruza mlandu wa kutchalitchi.

Mwezi wa Ramazani ukakwana, Wamzuli ankafooka pang'ono chifukwa cha kusala kudya. Chaka choyamba a Nampinga anapambana masiku asanu ndi limodzi otsatizana ndipo kupambanako kunawakoma ngati ndiwo zopanda mchere. Kuyambira chaka chimenecho, mwezi umenewo ukafika ankasiya kumwa tiyi wam'mawa, n'kumauza akazi awo kuti m'mimba simuli bwino.

Akazi awowo, a Doreen, ankagulitsa makala ndi tomato pakhonde, ndipo maso awo sankaphonya kanthu. Anaona kuti zidendene za nsapato zikutha msanga. Anaona kuti m'mimba mwa amuna awo mumavuta mwezi wathunthu chaka chilichonse, mwezi wake n'kumasunthasuntha. Anaonanso kuti masiku ena bambowo ankabwera akuimba mluzu nyimbo ya m'buku, masiku ena ankabwera atatupa popanda amene wawalakwira. Mayi aliyense wa mu Ndirande akaona zotere amadziwa choganiza. M'chaka chachisanu anawakhazika pansi n'kuwafunsa dzina la mkaziyo.

A Nampinga anaulula za mpikisanowo, ndipo anatuluka thukuta kuposa mmene akanachitira ikanakhala nkhani ya mkazi. A Doreen anaseka mpaka anatayira pansi beseni la tomato. Atatha kuseka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kufunsa funso limodzi.

"Koma bambo a Lilian, iyeyo akudziwa?"

"Akudziwa chiyani?"

"Kuti mukupikisana."

A Nampinga anayala umboni wawo wonse. Ananena za mzuli, a Doreen anati munthu akayenda mwachangu chipewa chimapendekeka, ndiye asachikonze? Ananena za masamba a maliro, a Doreen anati amenewo aliyense woleredwa bwino amawalemekeza. Ananena za sabata imene anali ndi chithupsa kuphazi, pamene Wamzuli ankaima tsiku lililonse kugula nthochi mpaka iwo atamupeza. A Doreen anafunsa ngati tsopano kugula nthochi kwasanduka chizindikiro. Anamaliza ndi kunena kuti munthuyo mwina amangothamangira ntchito yake ngati wina aliyense, ndipo kuti ngati akufuna kudziwa akangowoloka msewu n'kumufunsa, poti safunsa anadya phula.

Funso limeneli linawalowa a Nampinga ngati minga ya kuphazi, ndipo anayenda nalo zaka zinayi. Msewuwo ndi wosakwana mapazi khumi ndi asanu m'lifupi, koma kuwoloka sanayerekeze. Ankaopa chinthu chimodzi, choti munthuyo angawayang'ane modabwa n'kufunsa kuti kodi ndinu ndani. Zikanatero ndiye kuti mkulu wa mpingo wathunthu wakhala akupikisana ndi mphepo, kusala tiyi chifukwa cha munthu wosamudziwa n'komwe, ndipo chinthu chokhacho chimene chinkawasangalatsa pa tsiku chikanasanduka misala. Anasankha kusadziwa. A Doreen nawo sanasiye kuwaseka. Bambowo akamatuluka m'mawa ankawauza kuti ayende bwino, kuthamanga sikufika, ndiponso apereke moni kwa mnzawo wosawadziwayo.

Kenako zaka zinakwana ndipo kalata yopumira pa ntchito inabwera. Lachisanu lomaliza a Nampinga anadzuka atatsimikiza kuti lero alankhula. Anakonzeratu mawu ake ali m'bafa. Pa mlatho Wamzuli analipo monga mwa masiku onse, ndipo anatsika msewu mwamphamvu moti anafika pa njanji a Nampinga akanali kumbuyo kwa mayi wina wosenza mtolo wa nzimbe. Anakonza mzuli n'kupitirira. A Nampinga anatsegula pakamwa, koma miyendo imene inazolowera zaka makumi atatu inawakhotetsera kumanzere, ndipo anangozindikira ali pa geti. Masana anzawo anawapatsa wotchi yapakhoma ndi bulangete, bwana anayamikira kuti sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Iwo anathokoza ndi mawu ochepa, mtima uli pa njanji.

Lolemba kunacha kukuzizira. A Doreen anayembekezera kuti lero bambo agona mpaka dzuwa lilowe pawindo, koma kota tu sikisi anawapeza akumanga nsapato. Atawafunsa kumene akupita, anayankha kuti akukaona chinachake. Kakontena anakasiya pa tebulo.

Sanakaime pamalo awo. Anabisala kuseri kwa okala ina ya malata pafupi ndi mlatho, pamene ankatha kuona tsidya linalo iwo osaoneka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wovala jekete ya kutchalitchi, akusuzumira pakona ya okala ngati wakuba nkhuku. Anadziuza kuti munthuyo akangodutsa osaima, abwerera kunyumba, akauza akazi awo kuti ankanena zoona, ndipo nkhaniyo ithera pomwepo.

Wamzuli anatulukira pa nthawi yake. Atafika pa mlatho anachepetsa liwiro, kenako anaima. Anawerama ngati akumanga zingwe za nsapato, ndipo a Nampinga atayang'anitsitsa anaona kuti nsapatozo n'zongopisa phazi, zingwe zilibe. Anaweramuka, anagula nthochi imodzi, anaidya pang'onopang'ono. Anthu ankamugunda mapewa podutsa. Atatha nthochiyo anaphwanya lamulo lalikulu: anatembenuka n'kuyang'ana tsidya la a Nampinga maso ali tong'o, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, nkhope yake ili ngati ya munthu amene wasiyidwa ndi basi.

A Nampinga anamva chimwemwe, ndipo sanadziwe pochiika. Anakonza jekete n'kutulukira mumsewu ngati munthu amene wangochedwa. Wamzuli atawaona anataya khoko la nthochi, n'kuyang'ananso kutsogolo, ndipo ulendo unayambika. Anatsika ngati anyamata, manja a a Nampinga akuponyeka opanda kanthu. Amene anayamba kuponda njanji tsiku limenelo sakudziwika, aliyense mpaka lero amati ndi iye.

Atawoloka, miyendo ya a Nampinga inafuna kukhota, koma kokhotera kunalibe. Anaima. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu ndi zinayi anacheuka, ndipo anaona kuti tsidya linalo Wamzuli nayenso waima, akupuma mwawefuwefu, khamu la anthu likumudutsa mbali zonse. Anayang'anizana kwa kanthawi. Wamfupi uja ndiye anadikira lole idutse n'kuwoloka.

"Mwachedwa lero, akulu. Ten minutes yathunthu."

A Nampinga anapepesa, n'kufotokoza kuti anapuma ntchito Lachisanu. Munthuyo anati anakayikira kale atangoona kuti kakontena palibe. Anatchula dzina lake kuti ndi Abdula, wa ku Chinseu mu Ndirande momwemo, ndipo anagwirana chanza mwamanyazi ngati anthu amene akumana pa chinkhoswe. A Nampinga, poti ndi munthu wosunga nthawi, anawauza kuti asawachedwetse, angakalembedwe leti kuntchito.

"Ntchito yake iti?" anatero a Abdula. "Kampani yathu ya matumba inatseka zaka ziwiri zapitazo. Masana ndimathandiza mayi akunyumba kuokala."

"Nanga m'mawa muno mumapita kuti?"

A Abdula analoza mwala wina kuseri kwa mpanda, patsogolo pang'ono pa njanji. Anati amakhala pamenepo mpaka wefuwefu atha, kenako amabwerera kwawo. Anafotokoza zimenezi mopanda kudandaula, ngati mmene munthu amanenera mtengo wa sopo. Kenako anavula mzuli, anauyang'ana mkati, n'kuuvalanso.

"Akazi anga, a Ruqaya, amati ndinapenga. Amati bambo wamtali uja sadziwa n'komwe kuti mukupikisana, amangothamangira ntchito yake."

A Nampinga anaseka. Kunali kuseka kwa munthu wosazolowera, kotuluka mokhosomola ngati mpopi umene wakhala sabata wopanda madzi, moti mnyamata wina wa kumpingo kwawo amene ankadutsa pa njinga anatsala pang'ono kugwera mu ngalande. Ataleka anapukuta m'maso n'kuwauza a Abdula za tiyi wa mwezi wa Ramazani. A Abdula anangogwedeza mutu n'kunena kuti nthochi sazikonda, zimawatsekula m'mimba.

Pamwala paja anakhalapo awiri mpaka msewu unayamba kupepuka. Zokamba zinatha msanga, poti anthu amene adziwana zaka zisanu ndi zinayi osalankhulana sakhala ndi zambiri zoonjezera. Atanyamuka kubwerera ku Ndirande, anayenda limodzi mbali imodzi ya msewu, phewa ndi phewa. Sizinayende. Wamtali ankachepetsa, wamfupi ankatalikitsa, ankapondana, aliyense akupatsa mnzake njira. Atangowoloka njanji a Abdula anaima, anayang'ana kumanja ndi kumanzere, n'kudutsa msewu kubwerera tsidya lawo. A Nampinga anayang'ana kutsogolo, nkhope ili gwa. Chitunda chopita ku mlatho n'chachitali ndithu, ndipo anali asanachikwerepo ndi mnzawo.

Anafika kunyumba cha m'ma eyiti, jekete ili paphewa, malaya atapisuka mbali imodzi. A Doreen anasiya kupanga milu ya makala n'kuwafunsa ngati chimene anakaona chija achiona.

"Akudziwa," anatero a Nampinga. "Mawa mundidzutse hafu faifi. Pobwerera wandidya."