Chithunzi Chokhacho cha Prosper

Kwa Chulu, ukafunsa za Perpetua, anthu ankayamba kusimba za manja ake. Posoka fodya panalibe womupeza. Anzake akamadzaza mkangala umodzi, iye anali atapachika kale iwiri m'chigafa. Mwamuna wake anatchona ku Joni, n'kumusiyira mwana mmodzi, Prosper, kamnyamata kokonda kuthamangitsa nkhuku za eni.

Tsoka silinunkha. Chaka china tsaya la Prosper linatupa ngati papaya, mankhwala a kuchipatala chaching'ono osaphula kanthu. Ndiye kunabwera Nelson, venda wogula mtedza, wa njinga yamoto ndi pakamwa pothira shuga.

"Mayi, masiku ano mwana safa anthu akuona," anatero. "Ndimujambule ndimuike pa Fesibuku. Akufuna kwabwino atumiza thandizo mupite naye ku Lilongwe."

Perpetua anamusambitsa mwanayo, kumudzoza mafuta, kumuveka malaya ake a pa Khirisimasi. Nelson anapukusa mutu.

"Iyayi mayi, muvuleni. Akatchena ndani amve chisoni?"

Anamujambula ali chibadwire cha kumtunda, maso ali kwa amake. Nambala imene inalembedwa pansi pa chithunzicho inali ya Nelson, ndipo Perpetua, wa kafoni ka mabatani, akanadziwa bwanji? Njinga yamoto ija sinabwerenso. Prosper anamwalira mvula zoyamba zitangogwa.

Nkhanza zinayambira pamaliro pomwepo. Mlamu wake wa m'tauni anayang'ana bokosi la matabwa osapala n'kufunsa mokweza, "Ife tinatumiza ndalama titaona chithunzi. Zagula chimenechi?" Pofika kumanda, mudzi wonse unali utagamula kale kuti mayiyu wadyera pa tsaya la mwana wake. Pamjigo anamutcha Nafesibuku. Akagula sopo ankati, "Taonani, Prosper akuchapa." Anthu opemphera, anthu oimba kwaya, koma malilime awo!

Zonsezo Perpetua anapirira. Chimene chinkamudya chinali china, chimene sakanauza munthu: nkhope ya mwanayo inayamba kumuthawa. Akatsinzina ankaona malaya, timiyendo, ngakhale chipsera cha pabondo, koma maso osabwera. Prosper anali asanajambulidwepo kwina kulikonse.

Patapita zaka ziwiri, Tithokoze, mlangizi wa zaumoyo, mtsikana wa mtima wabwino ndi wachangu pa zonse, anamuitanira kunyumba kwake n'kumupatsa foni. Chithunzi chija chinali chitabwereranso pa Fesibuku. Tsopano mwanayo ankatchedwa Tobias wa ku Mzimba, ali m'chipatala, akudikira opareshoni Lachisanu.

Perpetua sanamve n'komwe za Mzimbazo. Maso aja anali pomwepo, akumuyang'ana iyeyo. Analira, koma kunena zoona anakondwa. Kuyambira tsikulo sankasowa chifukwa chopitira kwa alangizi: lero nkhwani, mawa mutu ukupweteka, kenaka n'kunong'ona, "Ndimuoneko pang'ono."

Tithokoze yekha anapsa mtima koopsa. Tsiku la sikelo anaimiritsa amayi pansi pa mtengo, foni ili m'mwamba.

"Mwana uyu tinamuika m'manda tonse, koma akuba akumupemphetsabe. Musamatumize ndalama chifukwa cha chithunzi. Funsani kaye, imbirani achibale ake, dziwani mwini wa nambala."

Amayi anagwedeza mitu. Wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti Nafesibuku wamusintha dzina kuti adyenso kachiwiri," ndipo kunamveka kuseka. Wopepesa sanapezeke ndi mmodzi yemwe.

Tithokoze sanagwe mphwayi. Anamema anzake a kuboma kuti akadandaule ku Fesibuku za tsamba limene linaika chithunzicho, onse pamodzi.

Loweruka Perpetua anafika ndi kambale ka mtedza, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya. Anawapukuta bwinobwino pachitenje, kuopa kudetsa galasi la foni.

"Alangizi, ndimuoneko."

"Mayi, tapambana!" anatero Tithokoze, nkhope ili ngwee. "Tsamba lija alitseka. Nanenso m'foni mwangamu ndafufuta zonse, zisamakupwetekeninso mtima."

Perpetua anaika mbale ija pansi mwakachetechete. Anathokoza, poti ulemu sanausiye. Anatsinzina kuti ayese, ndipo anaona malaya ndi chipsera cha pabondo basi. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Alangizi, nambala ya a Nelson ija munaisunga? Mwina iwo akadali naye."