Tsiku Limene Alamu Anamanga Pampu

Mwamuna wanga ankayendetsa takisi yakeyake, kagalimoto kakale koyera, kuchokera ku Chawama kupita m'tauni. Chaka chimene anamwalira, kagalimotoko kanayamba kudontha madzi kunsi kwa injini. M'mawa tinkapeza dothi litanyowa pamene kagona, ndipo akakaliza kankakukuta ngati chigayo chopanda chimanga. Iye anati pampu yozunguza madzi mu injini yatha. Anagula yatsopano n'kuiika pansi pa bedi m'kabokosi kake, kuti aimange Loweruka. Lowerukalo linamupeza ali m'chipatala, ndipo kunyumba sanabwerenso.

Maliro atatha anthu anabalalika, koma mkulu wake wa ku Kitwe anatsala pamodzi ndi apongozi anga aakazi. Ine ndinkayesa atsalira kundikhazika mtima pansi. Tsiku lina m'mawa ndinapeza alamuwo atatsegula boneti, manja ali m'chiuno.

"Mulamu, ija pampu anagula mufana wanga ili kuti?"

"Ili mu nyumba, ba mulamu."

"Leta. Motoka siingaole pano monga ilibe eni ake."

Ndinabweretsa. Anayala thumba pansi, n'kukhuthulirapo masipanala a malemu. Anamasula paipi ya pansi pa rediyeta, madzi adzimbiri n'kuyenderera mpaka pakhomo panga. Anafewetsa lamba, n'kuyamba kumasula mabawuti a pampu yakale. Manja atada, analowa yekha kuchipinda kwathu, kumene mwa mwambo sakanayenera kuponda, natuluka ndi malaya oyera amene mwamuna wanga ankavala ku tchalitchi. Ndinali nditawachapa ndi kuwasita maliro atangotha, sindidziwa chifukwa chake. Anawang'amba pakati, napukutira girizi.

"Ba mulamu, nsanza ziliko kuseli," ndinatero.

"Azavala ndani? Iwe?"

Apongozi anali pamphasa m'mbali mwa khoma, akusenda mtedza. Sanadzutse mutu.

Pampu yakale itatuluka, anandipatsa mpeni kuti ndipale zotsalira za gasiketi pa injini, kapepala kolimba kaja kamene kamatseka kuti madzi asadonthe. Ndinawerama m'boneti ndi chitenge changa chakuda, ndikupala, iwo akusuta fodya. Gasiketi yatsopano anali ataidula okha potumbula bokosi ndi mpeni womwewo. Atazindikira anatukwana, nayang'anayang'ana m'nyumba, n'kutsitsa chithunzi chathu cha ukwati pakhoma. Anasolola chikatoni cha kumbuyo kwa felemu, nachigogoda pa pampu ndi kanyundo mpaka chinatenga maonekedwe ake. Chithunzicho anachisiya pansi, galasi padera. Mphepo inachikankhira m'madzi adzimbiri aja. Ndinachitola n'kuchibisa m'bulauzi.

Pomanga, anakoka bawuti imodzi mwamphamvu mpaka inathyokera m'kati. Ndinamva kulira kwake. Anandiyang'ana, napaka guluu pabowopo, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

"Manje yenda ukatape manzi. Rediyeta ifunika kuzaza manzi."

Kwathu madzi tinkatunga ku kiyosiki, pampopi wolipira wa kuseri kwa msika. Mkazi wamasiye wa masiku ochepa chotero sayendayenda, koma ndinasenza chigubu n'kupita. Pamzere amayi anandipatsa njira, ena akunong'onezana. Chigubu choyamba alamu anasambira m'manja ndi kutsukira injini. Anandituma kachiwiri. Mzere unali utatalika, dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinachedwa.

Pobwera ndinamva injini ikulira ndisanakhote pakona. Anali atapempha madzi kwa aneba. Kunditumako kunali kungondichotsa pakhomo. M'galimoto munali mutadzaza: wailesi yakanema, mbaula yamagetsi, mabulangete, mapoto. Matiresi anali atamangidwa padenga. Pampando wakumbuyo panali makina anga osokera, amene ndinagula ndekha ndisanakwatiwe n'komwe.

"Amayi, makina aja ni yanga," ndinauza apongozi. Chigubu chinali chikadali pamutu.

Anakutumula makoko a mtedza pachitenge chawo, naimirira.

"Unabwela na chani pa nyumba ya mwana wanga? Zaka zonse izi, olo kamwana kamozi. Uzasokela ndani?"

Anakhala kutsogolo, pampando umene ndinkakhala ine tikamapita ku tchalitchi. Alamu anatsitsa galasi n'kundiuza kuti masipanala awawerenga n'kuwatenga onse, ndisadzanene kuti anasiyako ena, kenako galimoto inanyamuka. Aneba anaima m'makomo mwawo, kuonerera. Sindiwaimba mlandu, poti ambiri a iwo anaonapo zotere kwawo.

Madzulo ake foni inalira. Anali alamu. Galimoto inawira asanafike ku Kabwe, madzi onse anathera pamsewu, injini n'kupsa. Sanatchule za bawuti ija. Anati ndine ndinaika mankhwala m'madzi a chigubu choyamba, monga ndinachitira ndi mng'ono wawo. Kumbuyo ndinkamva apongozi akulira mokweza, akutchula dzina la mwana wawo.

Mawu amenewo anafika ku Chawama sabata isanathe, kudzera mwa msuweni wawo wina wa ku Matero. Amayi amene ndinkawasokera mayunifolomu a ana anasiya kundipatsa moni. Ku tchalitchi benchi yanga inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Mwini nyumba, munthu amene anadya nafe Khirisimasi kangapo, anandiuza mwaulemu kuti mkazi wake sakugona bwino ine ndili pafupi.

Ndinasamukira ku komboni ya George, kwa mkulu wanga, ndi chikwama chimodzi cha zovala. Ndinkagona pansi m'chipinda cha ana ake. Patapita miyezi ndinapeza ganyu kwa telala wina pamsika, yosokerera mabatani ndi kupinda mipendero pamanja, popeza makina ake sankalola munthu wina kuwakhudza.