Lilime langa linakana nthungululu ku Loughborough

Chinayamba ndi mwendo, anzanga, mwendo wakumanzere. Munali m'chaka cha 2018, dzuwa litangoyamba kutentha kuno ku Leicester. Ndikutsika basi m'mawa wina, mwendo unalemera ngati si wanga, ngati ndabwereka wa munthu wina. Patapita kanthawi unabwerera. Ndinati ndi ukalamba, ndinapitiriza ulendo.

Ine ndine NaPhiri, wa ku Braunstone lero, wa ku Dedza kale. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, ndiye zilembo zikakhota mundikhululukire. Koma nthungululu, eee, nthungululu ndinali nayo digiri! Ukwati ku Beaumont Leys, itanani NaPhiri. Mwana wabatizidwa, itanani NaPhiri. Mdzukulu wanga Tadala atayamba mipikisano yothamanga ku Loughborough, ndine ndinkamuperekeza pa sitima, chifukwa mayi ake, mwana wanga Tiyamike, ndi nesi, amakhalira mashifiti. Tadala akamadutsa mzere womaliza, lilime langa linkavina mpaka azungu kutembenuka.

Amene amamuphunzitsa ndi bambo wa ku Japan, wamfupi, waimvi pang'ono, wosalankhula zambiri. Dzina lawo limandipota pakamwa, ndiye ndimangoti a Kochi. Loweruka lina a Kochi anandiona ndikuyenda m'mbali mwa bwalo, anayang'anitsitsa, kenako anaitana Tadala. Mwana anabwera mwamanyazi ndi Chichewa chake chothyoka: "Agogo, a Kochi akuti mwendo wanu ukukhwekhwereza. Akuti mupite kuchipatala lero, osati mawa."

Ndinapsa mtima. Mwamuna, mlendo, kumayang'ana miyendo ya mayi wamkulu ngati ine? Kwathu ngakhale mkamwini amayang'ana pansi. Ndinatsitsa chitenje mpaka kumapazi, ndinati, "Kawauze aziyang'ana miyendo ya ana, ndiyo ntchito yawo." Kutchalitchi ndinauza amake Joyce, mnzanga wa ku Chipata. Iwo anati, "Ni mphepo chabe iyo, amama, zolani mafuta." Ndinadzola. Tiyamike sindinamuuze. Munthu wobwera m'mawa maso ali psuu, atanyamula nkhalamba za eni mpaka msana kuwawa, ine ndimuonjezere nkhalamba ina?

Loweruka lotsatira kunali mpikisano. Tadala anatuluka ngati muvi, anapambana. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, lilime linakana. Linangogona ngati kansanza konyowa. Malovu anatsika pachibwano. Dzanja lakumanzere linagwa, chikwama chinagwa, ine ndinatsatira. Woyamba kufika anali a Kochi, atalumpha mpanda, lamya ili kale kukhutu kuitana ambulansi.

Kuchipatala anandilowetsa m'makina ojambula mutu. Dokotala anauza Tiyamike, Tiyamike anandiuza akulira: sitiroko, magazi anaundana n'kutseka njira mu ubongo. Dokotalayo atamva kwa Tadala za mwendo uja anati, "Za mwendo zija zinali chenjezo. Mukanabwera nthawi imeneyo tikanakupatsani mankhwala, mwina sizikanafika apa." Mawu amenewo amandibaya mpaka lero kuposa jakisoni aliyense.

M'wodi ankatidzutsa m'mamawa kutiyeza bipi. Madzi ankandipatsa olimbitsidwa ngati phala kuti ndisatsamwe. Kudikira dokotala, kudikira afizo ophunzitsa kuyenda, kudikira wokunyamula kupita kuchimbudzi, kudikira, kudikira. Ine amene ndinasambitsa ana ndi adzukulu, kusambitsidwa ndi katsikana kongomaliza kumene sukulu. Mayi wophunzitsa kulankhula ankati nditulutse lilime, ndilipinde, ndinene la, la, la. Ine NaPhiri, la, la, la! Amake Joyce anabwera kamodzi ndi malalanje. Za mafuta sanatchule.

Nditatuluka, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, a Kochi anabwera kunyumba. Anavula nsapato pakhomo, anawerama, ulemu ngati wa kwathu. Kenako anapinda buluku n'kundionetsa mwendo wawo: chipsera chachitali kuseri, pamwamba pa chidendene. Tadala ankamasulira. Ali achinyamata ankathamanga mipikisano ya mtunda waufupi kwawo ku Japan, ndipo anatsala pang'ono kusankhidwa kukaimira dziko. Mtsempha unayamba kuwawa, anabisa kuopa kusiyidwa. Unadzaduka pakati pa mpikisano, anthu akuonerera. Sanapikisanenso. Anayamba kuphunzitsa ana, kwawo koyamba, kenako kuno. "Kuchokera pamenepo ndimayang'ana mwendo wa aliyense," anatero. "Pepani agogo, ndimalephera kusiya."

Ndinangokweza chitenje mpaka m'mawondo.

Afizo anagwira yawo ntchito, koma kunyamuka pampando anandiphunzitsa ndi a Kochi, monga amanyamukira othamanga: mapazi kumbuyo, mphuno kutsogolo, kankhani pansi. Iwo phwa m'manja, ine nyamu! Ndinabwerera pampando, ndinatukwana m'Chichewa, Tadala anakana kumasulira, ndinanyamukanso.

Lero ndimayenda ndi ndodo mpaka pokwerera basi. Dzanja lakumanzere silimanga chitenje, amandimangira ndi Tadala. Mankhwala ndimamwa m'mawa uliwonse osaphonya. Kulankhula ndimalankhula, kuimba ndimaimba pang'onopang'ono, Mulungu alemekezeke. Koma nthungululu sinabwerere. Ndayesa kubafa nditatseka chitseko, chimatuluka ndi kulira kwa mbuzi yomangidwa. Ku maukwati a ku Beaumont Leys tsopano amaitana wina, wa lilime lalifupi, ine ndili phee pampando ndi kapu ya tiyi. Tadala atapambananso chaka chino ndinamenya ndodo pa chitsulo cha mpanda, ngwe, ngwe, ngwe. Anatembenuka, anamwetulira. Koma ndodo si lilime, anzanga, ndodo si lilime.

Ndiye inu amayi anzanga amene mukulera adzukulu m'dziko lino, ndimvereni. Mwendo ukalemera, nkhope ikapendama, mawu akapotoka, ngakhale zitabwerera patapita kanthawi, musadzole mafuta, musadikire kuti mwana aweruke ku shifiti. Itanani ambulansi. Ndipo wina akakuyang'anani mwendo, kaya ndi mlendo, kaya ndi mwamuna, musatsitse chitenje. Ine ndinabisa mwendo, ndinalipira ndi lilime.