Tsiku limene Poizoni anagwa ndi dzuwa

Ndikukumbukira Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, ndili Sitandade 4, kumudzi kwathu kufupi ndi Namitambo. Dzuwa la chaka chimenecho linkaswa mtengo. Nyenje zinkayamba kulira tisanafike n'kusukulu komwe, ndipo pobwerera tinkathamangira pamthunzi uliwonse chifukwa mchenga unkawotcha kuphazi.

Tinali ndi galu dzina lake Poizoni. Dzinali anam'patsa ndi bambo kuti akuba aziopa, koma iye ankagwedezera mchira aliyense, ngakhale ogula mbuzi. Vuto lake linali limodzi: nkhuku za eni ake. M'mawa umenewo mayi ankapita ndi mwana kusikelo, bambo anali ku ganyu, ndiye mayiwo anandiuza kuti ndim'mangirire pamthunzi ndisanapite kusukulu. Ndinam'manga pa mpapaya wa kuseri kwa khitchini. Mthunzi unalipo, ndinauona ndi maso angawa. Zoti mthunzi umayenda sindinaziganize. Za madzi panalibe amene anatchula.

Nditaweruka masana ndinam'peza ali gone chammbali, lilime lili panja, lofiira kwambiri, dovu likuyoyoka. Ankapuma mwawefuwefu, nthiti zikukwera ndi kutsika. Nditamuitana anayesa kudzuka, miyendo n'kupindika, n'kugwanso. Ndinayamba kulira mokweza, ndipo anthu anabwera.

Oyamba kufika anali azakhali, amene anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti wina wam'dyetsa mankhwala a makoswe, ndim'mwetse mkaka. Mkaka tikanautenga kuti? Mayi wina woyandikana nafe anati ayi, walumidwa ndi njoka, tifufuze bala. Kenako anafika amalume a Faisoni, naona dovu lija, n'kundikokera kumbuyo.

"Chiwewe ichi. Mwana iwe usayandikire," anatero, n'kupita kukatenga mpini wa khasu.

Wina akuti m'gwire, wina akuti usam'khudze, wina akufuna kumupha, ndipo onsewo anali akuluakulu amene ndinaphunzitsidwa kuwamvera. Ndinaima pakati pa amalume ndi galu, osadziwa ngati ndikum'teteza kapena ndangosowa kolowera.

Nthawi yomweyo pamsewu pankadutsa Che Saidi, bambo wachikulire wogulitsa nsalu, ali panjinga, atavala mkanjo woyera, akupita kumzikiti. Bambowa sankafuna galu pafupi. Poizoni akangowanunkhiza, ankabwerera kwawo kukasintha zovala. Nditaona akutsamiritsa njinga, ndinati basi, wachiwiri wogwira mpini wafika.

Anaima chapatali, nayang'ana galu, nayang'ana chingwe, nayang'ana dzenje limene Poizoni anakumba pofuna dothi lozizira.

"A Faisoni, tavulani patapata mupondepo pamene wagona galuyo," anatero.

Amalume anavula, naponda, n'kudumpha ngati aponda khala.

"Inu mwapirira kanthawi kochepa chabe. Iyeyu wakhalapo kuyambira m'mawa. Walumapo munthu? Dzulo anadya bwino?"

Ndinayankha kuti anadya, ndipo sanalume aliyense.

"Ndiye mpiniwo uyambe wadikira. Mwanawe, masula chingwecho."

Iwo sanam'khudze ngakhale ndi chala. Ankangoloza. Ine ndi azakhali tinam'goneka pa chiguduli n'kum'kokera pansi pa mtengo wa mango. Che Saidi anandiuza kuti ndim'nyowetse kumimba, m'khwapa ndi kumapazi, kenako ndimuikire madzi pang'ono m'phale, asamwe ambiri nthawi imodzi. Ndinatunga mumtsuko wa mayi chikho ndi chikho mpaka chikho chinayamba kukanda pansi. Azakhali ankam'kupiza ndi lichero. Amalume sanataye mpini, koma anakhala pansi.

Patapita nthawi yaitali, Poizoni anadzutsa mutu n'kuyamba kukhatha madzi. Kenako anaimirira monjenjemera, nachita zimene agalu onse onyowa amachita: anadzikutumula. Matope onse anathera pa mkanjo wa Che Saidi, amene anali atasendera pafupi. Iwo anayang'ana mkanjo wawo, napukusa mutu, n'kukwera njinga kulowera kwawo, osati kumzikiti.

Mayi atabwera anapeza mtsuko uli gwaa. Anandikalipira chifukwa cha madzi, poti kumjigo kunali mzere wautali. Atamva nkhani yonse anandikumbatira, kenako anandikalipiranso chifukwa cha mpapaya. Madzulo bambo anati wolakwa ndi mayi, mayi anati ndi nkhuku za eni ake. Amalume anaumirirabe kwa sabata yathunthu kuti chiwewe chimabisala. Poizoni anakhala zaka zina zisanu.

Lero ndili ndi ana anga ndi galu wathu. Mitengo yambiri ya kwathu inathera m'mauvuni a njerwa, ndipo Okutobala wa masiku ano amaposa uja. Galu wathu amabayitsa katemera, ali ndi kakhumbi kake ka udzu ndi beseni la madzi limene timadzaza kawiri pa tsiku. Nditawafotokozera ana nkhaniyi, wamng'ono anandifunsa chifukwa chimene munthu wosafuna agalu anaphonyera mapemphero chifukwa cha galu wa eni ake. Che Saidi anamwalira ndisanawafunse, ndipo ndikaganiza bwino, ndisanawathokoze n'komwe.